Positi Sinadzilipirepo Yokha, Ngakhale M'nthawi ya Atsamunda

Ikangomveka mphekesera yakuti positi ofesi ya pamalo ena ogulitsira malonda itsekedwa, kapena kuti lendi ya bokosi la makalata yakwera, mkangano umene umabuka m'mapologalamu oimba foni pa wailesi ndi pa Facebook umakhala womwewomwewo. Achikulire amausa moyo n'kunena kuti m'nthawi ya azungu kalata inkachoka ku Karonga n'kukafika ku London ndi kobiri limodzi osasochera, ndipo positi inkadziyendetsa yokha popanda kupemphetsa. Achinyamata amawaseka, amati positi ndi nyumba ya mileme imene anaisiya atsamunda, aliyense ali ndi foni, itsekedwe basi. Ndiye pali anzathu odziwa kuwerengera ndalama, amene amati nkhaniyi ndi yapafupi: chinthu chilichonse chizidzilipira chokha, chikalephera chife. Magulu atatuwa amaoneka ngati akutsutsana, koma awiri mwa iwo atsamira mzati umodzi wofumbwa, ganizo lakuti inalipo nthawi imene positi inkakhala ndi moyo ndi ndalama za masitampa zokha. Ine ndikukana. Kobiri la pa envulopu linali kachigawo chabe ka mtengo weniweni wa kalata, ndipo chotsalacho ankalipira ndi anthu amene sankalandira n'komwe makalata. Ngati tikufuna kukangana, tikangane pa funso lakuti chotsalacho asenze ndani ndipo asenzere yani. Maganizo anga ndi akuti lero boma lisenze poyera, ndipo mtengo wotumizira ukhale umodzi kaya munthu ali ku Limbe kaya ali ku Chitipa.

Tiyambire kumene nkhaniyi inayambira. Boma la Britain lisanazike mbendera yake kuno, azungu amene analipo anali amishoni ndi amalonda: a Livingstonia amene anafika ku Cape Maclear mu 1875, a mishoni ya Blantyre mu 1876, ndi kampani ya ku Glasgow imene inayamba mu 1878, yoyendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir, imene tonse timaidziwa ndi dzina lakuti Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John. Positi ofesi panalibe. Wofuna kulembera kwawo ankapereka kalata yake kwa amalondawo kapena kwa mnzake wapaulendo, ndipo inkatsika ndi Shire, kulowa mu Zambezi, kudutsa pamtunda kukakwera mabwato a mumtsinje wa Kwakwa mpaka ku Quelimane, kumene inkalowa m'manja mwa Apwitikizi. N'zosadabwitsa kuti ngakhale liwu lakuti kalata tinalitola kwa Apwitikizi omwewo. Dongosolo limeneli ndi limene anzathu owerengera ndalama amalilota mosadziwa: boma palibe, thandizo palibe, kalata ikungoyenda pamsana pa malonda. Zotsatira zake n'zakuti kalata inkanyamuka tsiku limene katundu wa kampani wanyamuka, n'kuima pamene minyanga ya njovu yaima. Komanso palibe wamalonda amene akanakonda kuti kalata yake yokamba za mitengo ya khofi idutse m'manja mwa mnzake wopikisana naye, kapena m'manja mwa boma la Portugal limene panthawiyo linkalimbirana ndi Britain dera lomweli la Shire.

Mu 1891 Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, atakhazikitsa boma lake ku Zomba, positi inali m'gulu la zinthu zoyambirira kukonzedwa, ndipo umboni wanga woyamba uli pamenepa. Boma limenelo linalibe ndalama zakezake. Linkayendera mapaundi 10,000 pachaka ochokera ku kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, ndipo patapita zaka zochepa linayamba kudalira thandizo lochokera ku thumba la boma ku London. Ngakhale masitampa oyamba anali obwereka: anatenga a kampani ya Rhodes n'kungodindapo zilembo zitatu, B.C.A. Masitampa akeake a dzikoli anadzatuluka mu 1895, osindikizidwa ndi kampani ya De La Rue. M'chaka chija cha 1891 Britain ndi Portugal anasainirana pangano lotsegula Zambezi, ndipo Britain inachita lendi ya zaka 99 kamalo kamchenga ku Chinde, kumathiriro a mtsinjewo, kuti katundu ndi matumba a makalata azitsitsidwa pamenepo popanda kudutsa pa kasitomu ya Apwitikizi. Tsono taganizani. Panafunika doko m'dziko la eni, sitima zankhondo zolondera mtsinje ndi nyanja, misewu, malinga a asilikali, kuti envulopu imodzi ifike kwa mwini wake, koma zonsezi sizinkalembedwa m'buku la positi. Munthu akamati positi ya atsamunda inkadzilipira yokha, wawerenga tsamba limodzi la buku lokhala ndi masamba ambiri.

Onaninso kumene anaika maofesi oyamba aja: Port Herald imene lero ndi Nsanje, Chiromo pamene panali chipata cha kasitomu, Blantyre, Zomba, Mulanje, Fort Johnston imene ndi Mangochi, ndi Karonga kumpoto kwenikweni. Mukalumikiza malo amenewa ndi cholembera, mupeza kuti mwajambula njira ya katundu ndi njira ya mfuti. Chigawo chapakati, kumene kunali midzi yothinana kuyambira ku Ntcheu mpaka ku Kasungu, chinalibe kanthu m'zaka zoyambirirazo, chifukwa azungu odikira makalata kumeneko anali ochepa kwambiri. Njira yeniyeniyo inali yowawa. Sitima yochokera ku Chinde inkafika ku Chiromo, kapena madzi akakhala ambiri ku Katunga kufupi ndi Chikwawa, n'kulekezera pamenepo chifukwa kumtunda kwake kuli mathithi, a Kapichira, Mpatamanga, Tedzani ndi Nkula, ena mwa iwo ndi omwe aja amatipatsa magetsi lero. Kuchokera pamenepo thumba la makalata linkakwera phiri pamutu pa munthu mpaka ku Blantyre, n'kutsikiranso ku Matope kukakumana ndi sitima ina yopita ku Mangochi ndi kunyanja. M'chilimwe Shire akaphwa, sitima zinkatitimira mumchenga ndipo ulendo wapansi unkatalika. Njanji inadzafika ku Blantyre mu 1908, kutanthauza kuti kwa zaka 17 positi ya dziko lino inkayendera mapazi opanda nsapato, ndipo kumadera akutali ndi njanji zinapitirira choncho zaka zina zambiri. Chinenero chathu sichinaiwale zimenezi. Mpaka posachedwapa pa wailesi ankati unduna wa za mtengatenga ndi mtokoma, mawu awiri amene poyamba ankanena za munthu wosenza katundu pamutu ndi phukusi limene watumidwa nalo.

Anthu amenewa ankalandira zingati? Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. M'zaka za m'ma 1890 malipiro a munthu wogwira ntchito yamanja m'mapiri a Shire ankazungulira pa mashilingi 3 pamwezi, ndipo nthawi zambiri ankaperekedwa ngati nsalu. Msonkho wa nyumba unalinso mashilingi 3 pachaka. Kufanana kwa ziwerengero ziwirizi sikunachitike mwangozi, pakuti msonkhowo unali ndi ntchito ziwiri, kudzaza thumba la boma ndi kutulutsa amuna m'midzi kuti akasake ndalama kwa mzungu. Mwamuna amene ali ndi chimanga m'nkhokwe ndi mbuzi m'khola sakanadzuka yekha kukasenza thumba kuchokera ku Chiromo kukwera nalo mapiri a Thyolo pamtengo umenewo. Ankapita chifukwa wokhometsa msonkho ali pakhomo. Ndiye tiwerengere pamodzi: shilingi imodzi inali makobiri 12, choncho mashilingi 3 ndi makobiri 36 pamwezi, kobiri limodzi ndi kanyenyeswa patsiku. Sitampa imene achikulire amaitcha yotchipa ija inali pafupifupi thukuta la tsiku lathunthu kwa munthu amene ankainyamula, osawerengera pepala, envulopu ndi kuthokoza womulembera. Kwa mwini esiteti ya khofi kobirilo sankalimva n'komwe m'thumba. Mtengo unali umodzi pa sitampa, koma kulemera kwake kunali kuwiri, ndipo kutsika kwake kunkatheka chifukwa miyendo inkagulidwa motsika koposa.

Tsopano ndiwayankhe achikulire aja, ndipo ndiyambe ndi kuvomera zimene akunena zoona. N'zoona kuti positi imeneyo inali ndi mwambo. Thumba linkamatidwa ndi chidindo, kalata yolembetsa inkasainidwa paliponse pamene yadutsa, ndipo tsiku lonyamuka mtokoma linkadziwika. Amene amakumbukira zaka za m'ma 1950 ndi 1960 sakunama akamati ankakhulupirira positi kuposa m'bale wawo. Komabe pali zinthu ziwiri zimene kukumbukira kwawo kumadumpha. Choyamba, n'kosavuta kusunga mwambo pamene makasitomala ako enieni ndi anthu mazana ochepa, pakuti m'zaka zoyambirirazo azungu onse a m'dziko muno sakanadzaza ngakhale bwalo la sukulu ya pulayimale, ndipo wa positi ankawadziwa pafupifupi onse ndi mayina. Chachiwiri, nayonso inkapunthwa. Kumayambiriro kwa 1898 masitampa a kobiri limodzi anatha. Poyamba anatenga sitampa ya mashilingi 3, mtengo wa msonkho wa nyumba yathunthu, n'kuidinda kuti ikhale ya kobiri limodzi. Amenewonso ataperewera, pa 11 Malichi anayamba kugwiritsa ntchito chidindo chotukuza cha msonkho wa macheke, n'kuchizunguliza ndi mawu osonyeza kuti ndi chotumizira makalata m'dziko momwemuno. Lero osonkhanitsa masitampa amazisirira zinthu zimenezo n'kumazigula modula, koma kunena mosapsatira, chinali chigamba cha ofesi imene katundu wake ankachokera kutsidya kwa nyanja ndipo yagwidwa njakata. Zikanachitika lero tikanadzaza nazo Facebook mlungu wathunthu.

Nanga kobiri lija la ku Karonga mpaka ku London linachokera kuti? Apa ndiwayankhe anzathu owerengera ndalama, amene mfundo yawo ndi yomveka ndithu: mtengo uzitsata ndalama zimene zalowa pantchito, apo ayi wina akudyera wina masuku pamutu. Vuto ndi lakuti mtengo wa positi ya Britain sunkayikidwa motero chiyambire 1840. Chaka chimenecho chisanafike, kalata ku Britain inkalipiridwa molingana ndi kutalika kwa ulendo ndi kuchuluka kwa mapepala, ndipo kawirikawiri wolipira anali wolandira. Mphunzitsi wina wa kumeneko dzina lake Rowland Hill anatsutsa zimenezo, nati ndalama zambiri zimathera pa kulemba ndi kutolera ngongole za kalata iliyonse, pamene kuinyamula kokha n'kotchipa. Boma linamvera, ndipo pa 10 Januwale 1840 mtengo unakhala kobiri limodzi dziko lonse. Makalata anachuluka kuposa kuwirikiza kawiri m'chaka chimodzi, koma phindu la positi linagwa kwambiri ndipo panapita zaka zambiri lisanabwerere pomwe linali. Nyumba ya malamulo ya kumeneko inalolera kutaya ndalamazo chifukwa inaona kuti malonda ndi maphunziro zikupindula koposa. Pa Khirisimasi ya 1898 mtengo wa kobiri limodziwo anautambasulira ku madera ambiri a ufumu wa Britain, kuphatikizapo kuno, pa kalata yosapitirira theka la aunsi, amene ndi magalamu pafupifupi 14. Palibe munthu wanzeru zake amene angakhulupirire kuti kobiri limodzi linkakwanira kulipira wosenza, sitima ya panyanja ya Malawi, wosenza wina, sitima ya pa Zambezi, sitima yaikulu ya panyanja yamchere ndi wogawa makalata ku Glasgow. Chinali chigamulo cha andale, chofuna kuti mzungu wa ku Zomba asamadzimve kuti watayika.

Ndipo sikuti zinali za kuno kokha. Ku Hong Kong, chilumba chimene Britain inatenga mu 1841 kuti chikhale msika, positi inakhala pansi pa ulamuliro wa London mpaka 1860, makalata ake ankanyamulidwa ndi sitima za kampani ya P&O imene boma la Britain linkailipira chaka ndi chaka pa ntchito imeneyo, ndipo masitampa ake oyamba a mu 1862 anali ndi mitengo yooneka yachilendo ngati masenti 24, 48 ndi 96, chifukwa inawerengeredwa kuti igwirizane ndi mashilingi a ku Britain. Ngakhale pamalo pamene amalonda anali olemera chotero, makalata sankayenda popanda dzanja la boma.

Pali mfundo ina imene imandivuta kwambiri kuiyankha, ndipo sindiizemba. Ena amati: chabwino, positi inakonzedwera azungu, koma kodi si ife amene tinadzapindula nayo pamapeto pake? Ndikuvomera, tinapindula, ndipo mwina kuposa mmene eni ake ankafunira. Masukulu a mishoni atatulutsa anthu odziwa kulemba, ndipo amuna atayamba kukhamukira ku Joni, ku Halale ndi ku migodi ya kopa, positi inasanduka mtsempha wa mabanja. Ndalama za ku Wenela zinkafika kumudzi kudzera pa positi. Mkazi ankadziwira pa positi ngati mwamuna wake akali moyo kapena wasanduka mtchona. Koma taonani khomo limene tinalowera. Liwu lathu lakuti keyala linachokera ku mawu a Chingelezi akuti care of, amene amalembedwa pamene kalata ikudzera mwa munthu wina. Ndiye kuti m'chinenero chathu, kukhala ndi adiresi kumatanthauza kupachikidwa pa dzina la wina: pa mishoni, pa sukulu, pa esiteti, pa ofesi ya bwanamkubwa wa boma, pa sitolo ya mmwenye. Dongosolo linamangidwa kuti lifike pakhomo la mzungu, ife tinangokoleka zathu pa msomali wake.

Ine ndinakulira m'keyala yotereyi. Amalume anga ankagwira ntchito ku Bulawayo, ndipo makalata awo ankafikira pa sukulu yathu ya pulayimale. Lachisanu lililonse mphunzitsi mmodzi ankapalasa njinga kupita ku boma kukatsegula bokosi, ndipo Lolemba pa asembule ahedi ankaitana mayina. Dzina la agogo likatchulidwa ndinkathamanga kutsogolo ngati ndapambana mpikisano, envulopu ndinkaibisa mkati mwa buku la masamu kuopa mvula, ndipo madzulo ndinkaiwerenga pakhonde agogo atakhala pamphasa akusenda chinangwa, akundiimitsa pa chiganizo chilichonse kuti ndibwereze. “Wati chiyani za mwendo uja? Tawerenganso, mwanawe, usandidumphire.” Koma chaka china kalata yonena kuti azakhali akudwala mwakayakaya inafika m'nyengo ya holide. Inagona m'dirowa milungu itatu. Pamene sukulu inkatsegulidwa, maliro anali ataikidwa kale kutali uko. Palibe amene anaba kanthu, palibe amene anaphwanya lamulo. Positi inagwira ntchito yake yonse mpaka pamene mapu ake ankathera, ndipo mapuwo ankathera makilomita ambiri mudzi wathu usanafike.

Komanso tisaiwale kuti titayamba kuigwiritsa ntchito pa zathu, eni ake anatsegula maso. Mu 1926 munthu wa kuno dzina lake Isa Macdonald Lawrence anaweruzidwa kukakhala kundende zaka zitatu chifukwa cholowetsa m'dziko muno manyuzipepala oletsedwa, kuphatikizapo Negro World ya Marcus Garvey, womenyera ufulu wa anthu akuda. Thumba lomwe lija limene linkabweretsa mitengo ya fodya kwa alimi achizungu linkathanso kubweretsa maganizo kwa makalaliki achikuda, ndipo boma linkasankha lokha kuti mwa ziwirizi n'chiti choyenera kudutsa. Choncho wonena kuti tinapindula akunena zoona, koma phindulo tinachita kulanda, sanatigawire.

Ndifike kwa achinyamata, amene mfundo yawo ndi yamphamvu kuposa mmene achikulire amavomerezera. Kalata ya moni inafa, ndipo sindikuilira. Uthenga wa azakhali uja lero ukanafika pa WhatsApp m'mphindi imodzi, ndipo ndalama za ku Johannesburg zimafika pa foni munthu asanamalize kumwa tiyi. Airtel Money ndi Mpamba zachita m'zaka zochepa zimene positala oda inalephera m'zaka makumi ambiri. Koma foni sinyamula satifiketi, sinyamula mankhwala, sinyamula chitsulo cha chigayo, sinyamula mabuku a sukulu. Zinthu zikuyendabe, ndipo anthu akamagula kwambiri pa intaneti ndi pamene maphukusi amachuluka. Funso ndi lakuti akunyamula ndani ndipo akufika pati. Makampani otumiza katundu amene ali m'tauni amagwira ntchito yabwino pakati pa Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, pamene pali phula ndi makasitomala, ndipo sindikuwadzudzula, ndi malonda. Koma mayi wa kuseri kwa phiri ku Neno kapena ku Nthalire akafuna kutumiza mapepala a penshoni ya malemu amuna ake, amapereka envulopu kwa kondakitala wa minibasi kapena kwa wa kabaza, n'kumuimbira foni kasanu konse panjira, mtima uli m'mwamba. Imeneyo ndi Mandala ya 1880 yavala zovala zatsopano: kalata ikunyamuka pamene katundu wa wina wanyamuka. Tikasiyira msika zonse, mapu amene atuluke adzafanana ndi a Johnston aja, mzere umodzi wotsata ndalama, kwinako kopanda kanthu. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno tidzakhala tajambula tokha.

Chotsutsa chomaliza ndi chimene ndimachiopa, chifukwa chili ndi mano. Amati ukangonena kuti boma lithandize, watsegula khomo la ulesi ndi kusakaza, ndipo a Malawi taona mabungwe a boma ambiri akumeza ndalama popanda chooneka. Sindingatsutse zimene maso athu aona. Koma mbiri imene ndafotokozayi ikutiphunzitsa kusiyanitsa thandizo lobisika ndi thandizo lapoyera. La atsamunda linali lobisika m'malipiro a wosenza, mumsonkho wa nyumba ndi m'mabuku a asilikali, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero anthu ophunzira bwino amakhulupirira kuti kunalibe. Lathu lamasiku ano limabisalanso mwa mtundu wina: limabwera mochedwa, ngati chipulumutso cha bungwe limene lamira kale m'ngongole, popanda wofunsa kuti ndalamazo zagula ntchito yanji. Chiyambire pamene lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998 linalekanitsa positi ndi matelefoni, positi inatsala ndi udindo wofika paliponse koma ng'ombe ya mkaka inapita kwina. Sungauze munthu kuti akatsegule ofesi kumene kulibe phindu kenako n'kumamukalipira kuti sakupanga phindu.

Njira ilipo kale m'malamulo athu. Lamulo la 2016 linakhazikitsa thumba lothandizira kuti ntchito za mauthenga zifike kumadera amene amalonda sangapiteko, ndipo limayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA. Chimene ndikupempha ndi chakuti mbali ya positi ya thumba limenelo ikhale ngati kontirakiti yowerengeka ndi aliyense. Atiuze kuti ofesi ya kwakutikwakuti imawononga zakuti pachaka ndipo imalowetsa zakuti, kusiyana kwake boma lilipira, koma mtokoma uzifika kawiri pamlungu ndipo phukusi lochokera ku Lilongwe lisapitirire masiku akuti. Ikalephera, ntchitoyo ipatsidwe kwa wina, kaya ndi kampani ya mabasi kaya ndi gulu la a kabaza a m'deralo, pa mtengo womwewo umodzi wa dziko lonse ndi chidindo chomwecho chotsimikizira kuti katundu wafika. Sindikumenyera nyumba zakale zija ndi makauntala ake athabwa; ofesi ikhoza kukhala kachipinda pa chipatala kapena pa khonsolo. Ndipo m'kontirakiti imeneyo mulembedwe poyera malipiro a munthu wa njinga amene adzanyamule thumba pa makilomita 30 omalizira, kumene galimoto sifika m'dzinja, chifukwa mzere umenewo ndi umene unkasowa m'mabuku a ku Zomba.